Mama Eduvina Luligo, Amene Ankaitana Akufa m'Chitotoro

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1941 ku Totoró, m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Dzina lawo ndi Mama Eduvina Luligo. Ine ndine Clemencia, mpongozi wawo. Abale andisankha chifukwa sindizungulira, ndiye khalani chete ndimalize, mvula ikubwera.

Mu 1949 anayamba sukulu, koma anaphunzira chaka chimodzi chokha. Akalankhula Chinamtriki, chilankhulo chakwawo, aphunzitsi ankawagwaditsa pa chimanga chouma, mpaka anathawa.

Mu 1960 anakwatiwa kuno ku Guambía ndi malemu Taita Misael Calambás. Ankalima anyezi ndi mbatatesi. Chinamtriki chawo chinali cha ku Totoró, chosiyanako ndi chathu, ndipo ena mwakhala apanu munkawaseka pamsika wa Lachiwiri ku Silvia. Ndikukuonani. Iwo ankangoti, "Seka mwanawe, koma anyezi wanga sutsitsa mtengo."

Chaka chilichonse mu Novembala, poikira akufa chakudya, ankaitana amayi awo m'chilankhulo chakwawocho. Ankati wakufa sabwera kudzadya ukamuitana ndi mawu omwe sanayamwe. Anzawo olankhula nawo ku Totoró anatha mmodzimmodzi, ndipo ana a malemuwa sanachiphunzire Chitotorocho. Nkhawa yawo inali imodzi: nanga iwowo adzawaitana ndani?

Mu Juni 2022 anafa ziwalo mbali imodzi. Pamenepo anandipana ine wowadyetsa. Ndikabwera ndi msuzi ankatembenukira kukhoma, amvekere, "Nena m'Chitotoro, apo ayi kadye wekha." Ndinati, "Amayi, ndili ndi ana asanu, sukulu ndiitenge kuti?" Tinanenerera ngati pamsika. Iwo ankafuna ndiziphunzira mawu khumi a Chitotoro pa mbale iliyonse, ine ndinaima pa atatu. Anavomera monyinyirika. Zaka ziwiri za mbale si mawu ochepa. Atisiya Lamulungu, pa 4 Ogasiti 2024, ali ndi zaka 83.

Asiya ana anayi, Gerardo, Benilda, Efraín ndi Marleny, adzukulu khumi ndi atatu, ndi mchemwali wawo mmodzi. Tikuthokoza anamwino amene anawapirira, amene mwakumba manda, ndi a ku Totoró amene mwayenda ulendo wonsewu.

Amayi, usani mumtendere. Novembala akafika mbale yanu idzakhalapo, ndipo wokuitanani ndidzakhala ine. Ndikapotoza mawu, bwerani mudzandikalipire, bola mudzadye.