Mpando wa ku Sitediyamu

Loweruka masana pa siteji ya ku Ndirande, mayi wina wachikulire ndi bambo wonyamula mbendera ya timu ankadikira minibasi yopita ku Chichiri. Anayamba ndi bamboyo.

"Mayi, nanunso wa ku sitediyamu? Mumasapota iti?"

"Mpira sindiudziwa ine, bambo."

"Ndiye kuti n'koyamba kulowamo?"

"Koyamba? Ndalowamo zaka khumi ndi zisanu, pa 6 Julaye paliponse. Ankatinyamula pa lole m'mamawa, titavala nsalu ya chipani, kukavina. Tsiku lonse chiimire, mphepo ikutikwapula, mwana ali kumsana. Ukangoti ukhale pansi, ayufi afika kale."

"Nanga lero mukukatani, poti mpira simuudziwa?"

"Mwana ndinkavina naye kumsana uja, Aleke, akusewera lero. Wandigulira tikiti ya pamthunzi, pamene pankakhala akuluakulu potionera ife. Mulungu wandisunga, bambo, ndaziona ndi maso."

"Zokoma zimenezo. Ndiye akachinya mudzuke, tivine limodzi."

"Vinani inuyo, ndikuomberani m'manja. Ine ndikukakhala pansi mpaka mpira uthe."