Kanyumba ka Mizukwa

Pa siteji ya basi, moyang'anizana ndi malo amene akumangapo paki ya zisangalalo, bambo wina wovala tayi anayamba kucheza ndi mayi amene anakhala naye pa benchi.

"Mwaziona zitsulo zokhotakhota izo, mayi? Pamenepo pazidzadutsa kasitima. Kakafika pamwamba kazidzatembenuzika, anthu mitu pansi, miyendo m'mwamba."

"Munthu alipire kuti amuzondotse?"

"Chitukukotu chimenecho! Koma ine chandigometsa ndi kanyumba ako kali pakona. Akuti kadzakhala ka mizukwa, koopsezera alendo."

"Ka chitseko chobiriwirako?"

"Komweko. Taonani luso lake! Ming'alu ngati yeniyeni, denga lopendekeka ngati ligwa lero lomwe. Amene anajambula pulani imeneyi sukulu anapitadi."

"Sanajambule munthu, bambo. Atagumula nyumba zonse za pano, ako anangokasiya. Ndinkachita lendi mmenemo ine. Ana anga onse anakulira momwemo."

"Aa! Pepani mayi, sindimadziwa."

"Musapepese, mwandisangalatsa. Eni nyumba ankati ndimangodandaula zilizonse, nyumbayo ilibe vuto. Lero ndiye ndamva kuti ndi yoopsa, ndipo wanena ndi munthu wa tayi."

"Ndiye akadzatsegula mudzalowamo, mukaone mmene akonzera?"

"Ndilowe kukaona chiyani? Ndidzangokhala pa benchi pompano n'kumamvetsera. Ndikufuna ndimve ngati olipirawo adzakuwe kuposa mmene ankakuwira ana anga mphepo ikamagwedeza denga limenelo."