Akatswiri Awiri a Fizikisi

Pasiteji ya basi, mayi wina wonyamula mpukutu wa nsalu anayamba kucheza ndi bambo wovala ovolosi amene anaima pambali pake.

"Mayeso omaliza atsala sabata ziwiri, koma ine mtima uli m'malo," anatero mayiyo. "Mtsikana wanga, pasekondale ili apayi, fizikisi inkamuzunguza mutu. Pano akaweruka amatsalira m'kalasi, mnzake wina amamubwerezera zonse."

"Mwachita mwayi, mayi. Wanganso ali pomwepo. Teremu yatha anapeza mamalikisi 23 okha, koma akuti wapeza katswiri womuphunzitsa za magetsi."

"Wothandiza wathuyu akuti ndi mnyamata wa magalasi omanga ndi waya. Akaima pabolodi, choko chimachita kutha."

Bamboyo anatembenuka n'kuyang'ana mayiyo.

"Magalasi amenewo ndinamanga ndine, mayi."

"Ndiye kuti ndi wa 23 uja?"

"Yemweyo. Koma musade nkhawa, iye amangobwereza zimene wamva kwa katswiri wakeyo. Akuti ndi mtsikana wamtali, wamanzere, amakhala pafupi ndi zenera."

Mayiyo anatula mpukutu wake pansi.

"Wamanzereyo ndi wanga, bambo. Anapeza 19."