Kabotolo Kamodzi, Anthu Atatu

Aulutsi, muwerenge kalatayi, koma dzina langa musalitchule.

Amuna anga atabwerako ku minda ya tiyi, anandipatsira chinzonono. Tinali tisanaone mwana, ndipo ndinkamupempha kwa Mulungu tsiku lililonse. Ku posito, kachipatala ka ku Insaca, sindinapite, chifukwa anfirimero, anamwino a kumeneko, timapemphera nawo tchalitchi chimodzi, ndipo ine ndimatsogolera nyimbo za amayi. Ndinapita kwa bambo wina wobaya jakisoni kuseri kwa msika wa ku Chiuta. Kabotolo kamodzi ka penisilini ankatigawira anthu atatu. Ululu unkaleka, nkubweranso. Ndinabwererako kanayi.

M'mimba mutafika pondilepheretsa kuyenda, anandinyamula pa machira kupita ku posito komwe ndinkathawa kuja. Anandibaya masiku asanu, matenda osasintha. Anfirimero anati, "Mlongo, timankhwala tochepa tija tinangozoloweretsa tizilombo. Pano tizilomboto sitikumvanso penisilini. Bwanji simunabwere poyamba?" Ndinangolira.

Mankhwala ena ochokera ku Cuamba anandichiza, koma njira ya ana inali itatsekeka. Amuna anga anamanga katundu wawo nakakwatira kwina. Pakhomo ndatsala ndekha. Ndikawerenga m'Baibulo za mkazi uja analira m'kachisi napatsidwa mwana wamwamuna, ndimaima pamenepo nthawi yaitali. Sindiwaimba mlandu Ambuye, pakuti sanandisiye.

Amayi anzanga, manyazi asakutumizeni kuseri kwa msika. Ine tsiku la ubatizo ndimanyamulira anzanga ana awo, ndimawaimbira, kenaka ndimawabweza m'manja mwa amayi awo.