Khola Loimba Foni

Mbuzi ziwiri za a Jailos a ku Limbuli zinawoloka mtsinje wa Muloza osatsanzika, ndipo imodzi yotsalayo inali ya pa chinkhoswe cha Alefa, mwana wa mlongo wawo. Alefa, wokonza mafoni pa Chitakale, mtsikana wamakani osasimbika, anamangirira pakhola kabokosi koti chitseko chikatseguka kaziimbira foni ya amalume akewo, koma atabwera kudzakaona anapeza kakungoyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima.

"Malume, ichi n'chiyani?" anatero akuloza nsungwi yomangidwa ndi mphira.

"Mabatire. Unati ndiikemo batire, ine ndaikamo anayi."

"A m'tochi? Ndinati lamphamvu."

"Amphamvu amenewo. Ndawayanika padenga akhuta dzuwa, ndawalumanso ndi mano anga omwe. Wailesi ikumachita kukuwa nawo."

Mtima wa Alefa unawawa. Anayang'ana mbuzi ija, ndiwo ya akuchimuna, ikubzikula mosadera nkhawa.

"Tamverani. Kabokosika kakamaitana nsanja ya netiweki kamameza moto wambiri kamodzin'kamodzi. Moto ukaperewera kamakomoka, n'kuyambiranso."

"Ndiye kadyera."

"Si dyera, ndi chilengedwe chake. Nyemba za kalongonda zimapsa ndi moto wa mapesi?"

"Mukabokosimo muli kalongonda?"

"Mulibe."

"Basi tisamutchule. Kagetsiko sikakuyaka?"

"Kuyaka kwa kagetsi si kuimba foni. Nanga waya wonenepa ndinasiya uja?"

"Ndamangira chitseko, unali kuwonongeka. Ndaika wa m'wailesi yakale, moto suona kunenepa."

"Umaona, malume. Nanga kapasita, kachitini kakuda kosungira moto kaja?"

A Jailos analoza kudenga monyadira. "Kanali kozizira ngati kakufa. Ndakayanika nakonso."

Alefa anakwera pamtondo, n'kukatenga kachitiniko katatentha kuti juu. Abale, kukonza mafoni a anthu osawadziwa kuli bwino, munthu umatha kuwakalipira. Awa ndiwo ankhoswe.

"Batani munadina?"

"Unati ndidine, ndisasiye msanga. Ndinagwira mpaka phala langa linazizira."

"Ndinati pang'ono, kenako mudikire kagetsi kayambe kuphethira mofatsa."

"Pang'ono ndi msanga n'zosiyana? Bwanji ndizingogona m'kholamo ngati kale?"

"Tsiku zinabedwa ziwiri zija munagona kuti?"

"M'kholamo."

"Ndiye ayi. Kabokosika kagwira ntchito, ndalumbira. Kakufuna batire la foni basi, lina lililonse ayi."

"La foni?"

"La foni."

"Ukanatero poyamba paja."

A Jailos analowa m'nyumba, natuluka ndi batire lopyapyala, labwinobwino, lodzadza. Alefa anachita kuwomba m'manja. Anamasula waya wonenepa kuchitseko, anaudula kuti ufupike, anabwezera kapasita pafupi penipeni ndi kabokosi, analumikiza batirelo, n'kudina batani. Kagetsi kanaphethira mofulumira, kenako kanafatsa. Sikanazime.

"Mwaona? Kapeza netiweki. Tsegulani chitseko ngati ndinu wakuba."

"Ine mkulu wa mpingo?"

"Ngati, malume."

A Jailos anatsegula monyinyirika, atagwira mbuzi nyanga. Alefa anatchera khutu kunyumba, akumwetulira ngati tsiku la chinkhoswe lafika kale. Zii. Amalumewo anatseka, anatsegulanso. Zii. Nkhuku yokha ndiyo inatetera kuseri kwa nkhokwe.

"Kakuimba, ndikuona ndi maso angawa. Foni yanu bwanji siikulira?"

"Ilira bwanji? Batire lake ndi lomwe wamangirira pakholalo."

Alefa anakhala pansi, pafumbi pomwepo, ndi diresi lake la ku Chitakale.

"Ndiye wakuba akabwera mudzamva bwanji?"

A Jailos anamuyang'ana momumvera chisoni, mwana wophunzira koma wosaganiza.

"Nkhani yaing'ono imeneyo. Akadzangobwera ndidzathamangira kukhola, ndidzachotse batirelo, ndiike m'foni, ndiyambe kudikira."