Nyumba Yanga Ikupita Chifukwa cha Lole ya Achimwene

Aulutsi ndi omvera anzanga, ndine mayi wamasiye wa ku Dedza, kufupi ndi Kasina. Malemu amuna anga anagwira ntchito kumigodi ku Joni, ndipo anandisiyira nyumba ya malata pa boma. Lendi yake ndiyo imaphunzitsa ana anga atatu.

Chaka chatha achimwene anga anabwera. Anati abanki avomera kuwakongoza ndalama zogulira lole yonyamulira mbatata ya kachewere kupita ku Lilongwe, koma akufuna chikole.

"Mlongo, undibwereke pepala la nyumba, udinde chala. Iwe ungokhala mboni basi."

Iwo ndiwo eni mbumba, ndiwo anandiimira unkhoswe, ndiwo anayendetsa maliro a amuna anga. Ndikanawakana bwanji? Kuwerenga sindidziwa. Ndinadinda.

Loleyo inagubuduzika pa Linthipe m'dzinja. Achimwene anaoloka malire kulowa ku Mozambiki osatsanzika.

Kubanki ndinagwada pansi pamaso pa kalaliki. "Bambo, loleyo sindinaikwerepo n'kamodzi komwe."

Kalalikiyo anandionetsa chidindo cha chala changa. "Amayi, ife tikudziwa ichi. Nyumba igulitsidwa mwezi uno ukatha."

Ndapita kwa ansembe kumishoni, andipempherera. Ndapita kwa abale, akuti nkhani ya pambumba amaikamba ndi mwini mbumba, yemwe wathawayo.

Amayi anzanga, musadinde pepala limene munthu wapadera sanakuwerengereni. Ndipo inu achimwene, ngati wailesi ikumveka kumeneko, chonde bwerani. Sindidzakukalipirani. Ana akundifunsa ngati abwererenso kusukulu, ine ndikungoyang'ana chala changachi.