Apongozi Akwecha Zitsulo za Injini

Pamzere wodikira basi, bambo wina anakumbatira thumba lolemera ngati wanyamula mwana wodwala. Mayi amene anaima kumbuyo kwake analephera kuugwira mtima.

"Bambo, m'thumbamo muli chiyani?"

"Hedi, mayi, chigawo chapamwamba cha injini ya galimoto. Ndikuchokera kokaipalitsa ku makina. Ndisanapite ndinamasula tizitsulo togwira kamshafiti, chitsulo chachitali chozungulira m'katimo, n'kutilemba manambala ndi choko, chifukwa kalikonse kamabwerera pamalo pake. Mukangosinthanitsa, injini yafa."

"Nanga nkhope yagweranji?"

"Apongozi anga aakazi andiimbira foni. Akuti atipeza pakhonde tili bii, ndiye atikwecha ndi mchenga. Pano tikuwala ngati masipuni, manambala onse apita."

"Mayo ine! Ndiye mwawayankha chiyani?"

"Apongozi amayankhidwa, mayi? Ndavula chipewa, foni ili kukhutu, ndathokoza."